Wofiira Sabwerera

"Werenganso bwino," anatero achimwene ake, chala chili pa pepala. "Kapena maso atupa ndi kulira?"

Kasupuni sanafunikire kuwerenga kachiwiri. Malembawo anali a abambo ake, timalemba topendekera tija tooneka ngati tikufuna kugwa, ndipo pamwamba pa tsamba panali mawu amodzi okha: Wofiira. Pansi pake panali muyezo wonse, asidi wochuluka chakuti, ufa wa mwala wochuluka chakuti, madzi, utoto, mafuta a bulugamu. Linali Loweruka, tsiku lachinayi chiikireni maliro. Mipando yobwereka inali idakali pakhonde kudikira eni ake, koma achimwene anali atatsegula kale sutikesi ya malemu n'kufukula mpaka pansi.

"Ndawerenga, achimwene."

"Ndiye Lolemba uyambe kusakaniza. Ndalonjeza wa holoselo kuti makatoni oyamba atuluka Lachisanu."

"Mwalonjeza?"

"Ee, ndalonjeza. Mwana woyamba pano ndi ine, kapena waiwala?"

Fakitale imene ankakanganiranayo, kuitcha fakitale n'kuilemekeza chabe. Inali shedi ya malata kuseri kwa nyumba, migolo itatu yachitsulo, sikelo, makina odzazira machubu amene ankayamba atsokomola kaye asanagwire ntchito, ndi antchito asanu ndi mmodzi. Koma m'menemo ndi mmene munkatuluka Sekani, mankhwala otsukira mano pamodzi ndi madzi ake ochukuchira m'kamwa, ndipo panalibe golosale m'dera lonselo yopanda botolo lake pashelufu. Sekani wa masiku ano anali Wabuluu, wofatsa, wosawotcha lilime, wosalonjeza zodabwitsa. Ankachotsa fungo, ankaletsa nkhama kutuluka magazi, basi. Kasupuni ndiye ankamusakaniza. Dzinalo anamupatsa abambo ake ali ndi zaka zisanu, pamene ankawalondola m'shedimo atanyamula kasupuni koyezera, ndipo linamukakamira mpaka pano imvi zitayamba kusuzumira m'mutu.

Wabuluu asanabadwe kunali Wofiira, ndipo ameneyo ndiye anatchukitsa dzina. "Masiku atatu, mano mbee!" Inali nyimbo ya pa wailesi imeneyo, ndipo mukaiyamba pamaso pa munthu wachikulire amaimaliza yekha, mutu ukugwedezeka. Wofiira anagulitsidwa chaka chimodzi chokha. Kenako abambo anamuchotsa m'masitolo monse osafotokozera ana chilichonse, banja n'kubwerera mu umphawi. Pa nthawiyo Kasupuni anali wa kumsana. Achimwene anali ndi zaka khumi, ndipo bala limenelo linali lisanapole.

"Iwe sukudziwa kanthu," anatero, akumasula tayi pang'ono. Ankagwira ntchito mu ofesi yogulitsa magalimoto, ndipo tayi sankavula ngakhale pa tsiku lopuma, moti antchito a m'shedi ankawatcha Bwana Tayi akatembenuka. "Ine ndinaona malole atandanda kuyambira pageti mpaka pamphambano. Kusukulu ndinkapita pa galimoto, ine amene! Mwezi wotsatira ndili pansi, nsapato zobooka, anzanga akundiimbira nyimbo ya abambo anga omwe. Makampani akuluakulu anawaopseza, iwo n'kuchita mantha. Anali munthu wabwino, ause mu mtendere, koma mtima wa bizinesi analibe. Taona botolo ili. Mankhwala dzina lake Sekani, mwini wake pa lebulo watseka pakamwa ngati wakwiya ndi wojambula!"

"Abambo ankati Wofiira sabwerera."

"Chifukwa?"

"Sananene."

"Waona? Zaka khumi ndi zisanu ukusakaniza nawo limodzi, chifukwa chake sukuchidziwa. Anthu akumufuna mpaka lero. Ukakana iwe ndipeza wina, pepala ndili nalo."

Apo ndiye panali poopsa. Munthu aliyense wodziwa kuwerenga sikelo akanatha kutsatira pepala lija, ndipo pofika Lachisanu chinthu chimene abambo ake anachikana moyo wawo wonse chikanakhala m'kamwa mwa anthu, nkhope yawo ili pa botolo.

Kasupuni anawapeza amayi ake kuchipinda akupinda malaya a malemu. Ankapinda, n'kusanja, kenako n'kutenga lapansi n'kuyambiranso.

"Amayi, Wofiira anatani?"

Manja aja anaima pang'ono, kenako anapitiriza. "Za kufakitale ine sindilowerera. Sindinalowerere ali moyo, ndiyambe lero?"

"Achimwene akufuna kumubweza."

"Tseka chitseko, mphepo ikulowa."

Kasupuni anatuluka mtima ukuwawa. Anakwiya ndi amayi ake, anakwiya ndi achimwene ake, ndipo anakwiyanso ndi malemu omwe, amene anapita ndi chifukwa chawo kumanda ngati kuti chinali chawochawo.

M'shedi munali munthu mmodzi yekha, nkhalamba yowonda imene aliyense ankaitcha a Chitsekerero, chifukwa kuyambira tsiku limene fakitale inatsegulidwa ntchito yawo inali yotseka mabotolo. Palibe anawaitana tsikulo. Ankangothira mafuta m'makina awo, poti kukhala kunyumba manja ali lende sankakutha.

"Ine chimene ndikudziwa ndi wilibala, mayi," anayankha atafunsidwa. "Bwana anabwera m'mawa wina atagwira kampango pakamwa, n'kungoti, 'Tiye.' Masabata atatu tikuyenda sitolo ndi sitolo, kutolera botolo lililonse, chubu chilichonse. Eni masitolo kutitukwana kwake, ha! Mayi wina anatithamangitsa ndi tsache mpaka pamsewu. Zonsezo tinakathira m'dzenje kuseri uku, ndipo pamalopo udzu unanyanyala zaka ziwiri."

"Nanga simunawafunse?"

"Kuwafunsa bwana aja? Mumawadziwa bwino inu. Akati zii, ndiye kuti zii." Anapukuta manja pa ovololo. "Koma titangomaliza zimenezo m'pamene anayamba za mano a ng'ombe zija."

Mano a ng'ombe! Kasupuni anadzimenya pachipumi. M'shedi imeneyi munali lamulo limodzi losaphwanyika. Chosakaniza chatsopano chilichonse, ngakhale mutangosintha kogula utoto, sichinkatuluka pageti chisanagone masiku atatu m'botolo limodzi ndi dzino la ng'ombe la kubutchala. Tsiku lachitatu abambo ankavuula dzinolo, n'kulipala ndi m'mphepete mwa supuni, n'kuliyang'ana pa dzuwa. Antchito ankaseka kuti ng'ombe za bwana zimafa ndi m'kamwa monunkhira kuposa anthu. Kasupuni anali atachita zimenezi kambirimbiri mpaka anasiya kuganiza kuti n'zachiyani, chifukwa dzino linkatuluka monga linalowera nthawi zonse.

Anabwerera m'nyumba n'kuima pamaso pa achimwene ake, amene anali pa foni, mpaka anaidula.

"Ndisakaniza kapu imodzi yokha Lolemba," anatero. "Tiikamo dzino monga ankachitira abambo, lina tiika mu Wabuluu. Lachinayi tivuula. Dzino la mu Wofiira likatuluka bwino, ndikusakanizirani migolo yonse itatu ndi manja angawa, osanenanso kanthu."

"Likatuluka bwino usakaniza?"

"Ndanena."

Achimwene anaseka mpaka kugwira tebulo. "Koma iwe ndi abambo ako ndinu amodzi. Chabwino, kafunse ng'ombe yakoyo."

Lolemba m'mawa anapita yekha kubutchala. Wogulitsa nyama anamupepesa za maliro, kenako anatulutsa kathumba kamene anali atasunga kale pansi pa tebulo. "Bwana ankabwera okha kudzasankha," anatero. "Ankalikana dzino long'aluka ngati akusankha mkamwini." Kasupuni anasankha awiri ofanana, achikasu onse. Anayeza Wofiira mosamala, osachepetsa osawonjezera, ngakhale mtima unkamunong'oneza kuti aponyemo asidi wochulukirapo kuti nkhani ithe. Fungo lake linamulowa m'mphuno mpaka kuyetsemula. Anaika mabotolo awiriwo pawindo, lofiira ndi labuluu, n'kutseka.

Lachiwiri achimwene anabweretsa zigubu zinayi za asidi pa galimoto n'kuziimika pakona, kuonetsa kuti za ng'ombezo kwa iwo anali masewera. Lachitatu dzino la mu Wofiira linali litayera, abale inu, kuyera kochititsa kaso. Linkawala m'madzi ofiirawo, pamene linzake linali chikhalire ndi chikasu chake. Antchito ankadutsa pawindo n'kumasuzumira, n'kumanong'onezana. Mayi womata malebulo anafika ponena kuti, "Komatu ine ndikanakhala ndi mano otere, amuna anga sakanachoka."

Kasupuni anachita mantha tsiku limenelo, mantha enieni. Nanga bwanji ngati achimwene ankanena zoona? Nanga bwanji ngati abambo ake anangoopsezedwa, ndipo iye wakhala zaka zonsezi akulondera chitseko cha chipinda chopanda kanthu? Mawu anali atapereka kale pamaso pa achimwene ake, ndipo iye sanali munthu wobweza mawu. Chakudya cha masana anangochiyang'ana n'kuchivundikira.

Lachinayi achimwene sanabwere okha. Anabwera ndi wa holoselo, bambo wonenepa wonunkhira perefyumu, woseka asanamve nthabwala, kuti adzaone ndi maso ake chimene adzagulitse. Antchito onse anasiya ntchito n'kuzungulira tebulo loyezera. Kasupuni anavuula mano awiri aja ndi kapanira, anawatsuka ndi madzi, n'kuwaika pa mbale yoyera.

"Eee!" anafuula wa holoselo, akuwomba m'manja. "Ndi yemweyo! Masiku atatu, mano mbee! Ndikumukumbukira bwino ameneyu, mayi anga ankagulitsa katoni pa tsiku."

"Ng'ombe yayankha," anatero achimwene, akumwetulira. "Chemwali, uyatse makina."

"Sitinathe, achimwene. Abambo sankathera pa kuyang'ana."

Anatulutsa supuni m'thumba la epuloni. Anayamba ndi dzino lachikasu la mu Wabuluu. Analipala kamodzi, kawiri, katatu, mwamphamvu, supuni ikulira ngati ikukanda mwala, koma dzino lili gwa, osasiya ndi kachizindikiro komwe. Kenako anagwira loyera lija. Sanagwiritse ntchito mphamvu n'komwe. Supuni inangolowa. Pamwamba pa dzino panapalika ngati choko chonyowa, ndipo m'mphepete mwa supuni munatsala phala loyera. Anapalanso, ngalande ina n'kutseguka. Anapaka phalalo pa chala n'kulikweza m'mwamba kuti onse aone.

"Kuyera kumene mukukuonaku ndi dzino likusungunuka," anatero.

Mayi wa malebulo uja anatseka pakamwa ndi dzanja, ngati kuti Wofiira angamudumphire.

Koma achimwene sanali munthu wogonja pa kugwa koyamba. "Limenelo ndi dzino lakufa," anatero, mawu atakwera. "Lagona m'menemo masiku atatu. Ndani amasunga mankhwala m'kamwa masiku atatu? Munthu amachukucha n'kulavula!"

"Kawiri pa tsiku, achimwene. M'mawa ndi madzulo, mwezi ndi mwezi, kenako n'kupalanso ndi mswachi wodzaza ufa wa mwala. Ana omwe."

"Aaa, mayi, musakulitse nkhani," analowerera wa holoselo, akupukuta thukuta m'khosi. "Anthu amafuna zoyera. Tilemba timawu ting'onoting'ono kumbuyo kwa botolo, kuti osapitirira sabata imodzi. Wopitiriza ndi zake."

"Ndi angati amawerenga kumbuyo kwa botolo, bwana? Inu munawerengapo?"

"Tichepetsa asidi pang'ono," anatero achimwene, osamuyang'ana. "Pang'ono chabe. Pepala ndi langa, ndipo dzino la ng'ombe silingandiuze zochita."

Kasupuni anali atapambana, koma kupambanako sikunathandize kanthu. Anatsegula pakamwa kuti ayankhe, ndipo m'pamene anaona antchito akupatuka pakhomo.

Anali amayi. Zaka zonsezi anali asanapondepo m'shedi imeneyi, ndipo analowa pang'onopang'ono, akuyang'ana pansi kuti asapunthwe pa mapaipi, m'manja muli kachitini kakale ka masiwiti. Anakaika patebulo pafupi ndi mbale ija n'kutsegula. M'katimo, pa thonje, munali mano oikirira, akumwamba ndi akumunsi, otha m'mbali chifukwa cha kukalamba.

"Awa ndi oyamba," anatero. "Achiwiri apita nawo. Ndinawaveka ndekha kuchipatala inu musanalowe."

"Amayi, ndi a ndani amenewa?" anafunsa achimwene, koma nkhope yawo inkaonetsa kuti yankho alimva kale.

"Bambo ako analibe dzino ndi limodzi lomwe m'kamwa kuyambira iwe uli ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ukuti palibe amasunga mankhwala m'kamwa masiku atatu? Iwo ankachukucha kasanu pa tsiku, poti chionetsero anali iwowo. Akafika pasitolo ankangoseka, katundu n'kutha. Miyezi isanu ndi inayi mano ali mbee. Kenako madzi ozizira anayamba kuwatulutsa misozi. Kenako tiyi. Kenako mphepo yeniyeniyi, akangoyasamula. Tsiku lina akudya buledi, buledi wofewa mwananga, dzino lakutsogolo linabenthuka ngati kapu yadothi. Dokotala anati chigoba cha mano onse chatha, chatsala n'chamkati chokha. Anazula limodzilimodzi kwa zaka ziwiri, munthu asanakwane ndi zaka makumi anayi zomwe."

Kasupuni anagwira m'mphepete mwa tebulo. Zinthu zing'onozing'ono zinayamba kumubwerera: abambo akuduladula nyama tizidutswa ngati akudyetsa mwana, abambo akukana nzimbe kuti ndi chakudya cha anthu opanda ntchito, chitseko cha bafa chimene ankakhoma ndi kiyi m'mawa uliwonse. Anakhala nawo moyo wake wonse osaona kanthu.

"Palibe kampani inawaopseza," anapitiriza amayi. "Anadziopseza okha pagalasi. Ndipo za lebulo umasekazo, wojambula anawachonderera tsiku lonse kuti atsegule pakamwa. Iwo anati, 'Sindingagulitse mankhwala a mano ndi mano ogula.'"

"Bwanji osatiuza?" anafunsa Kasupuni.

"Manyazi. Osati a manowa, ayi. Ankati ana anga akamandiyang'ana aziona munthu amene anapweteka anthu. Anandilumbiritsa kuti ndisadzanene, ndipo ndasunga zaka makumi atatu ndi zitatu. Sabata yonseyi ndakhala ndikupinda malaya, kuwafunsa kuti nditani, osandiyankha. Ndiye ndaganiza ndekha. Ndinalumbira kubisa manyazi awo. Sindinalumbire kuonerera mwana wawo akuchita zomwezo."

Achimwene anakhala pansi pa ndowa yovundikira imene inali pafupi. Anatenga kachitini kaja n'kukayang'ana nthawi yaitali, ndipo misozi inkagwera pa tayi osaipukuta.

"Ndinawatcha amantha, amayi. Pamaso pawo. Chaka chatha chomwechi, patebulo."

"Ndinamva. Ndinali kukhitchini."

"Anati chiyani nditachoka?"

"Anabwera akuseka. Anati, 'Waona mwanayu akamakalipa? Mano onse alipo, olimba bwino.'"

A Chitsekerero ndiwo anayamba. Anayesa kugwira kuseka, koma kunawatulukira m'mphuno, ndipo kenako shedi yonse inaphulika, ena akuseka ena akulira, ena zonse pamodzi. Kasupuni anaseka koyamba chimwalirireni abambo ake, kuseka kopweteketsa nthiti, atakumbatira amayi ake amene ankamukankha kuti, "Iwe, undipaka zimankhwala zakozi!"

Achimwene anaimirira, anapukuta kumaso ndi mkono wa malaya, n'kutembenukira kwa mlendo wawo.

"Bwana, pepani ndakuyendetsani pachabe. Wofiira sabwerera."

"Koma munalonjeza!"

"Ndinalonjeza ndisanadziwe. Mukafuna kundinena kwa anthu kuti ndine wabodza, kanenani. Ndidzabwera ndi dzinoli kudzakuthandizani kufotokoza."

Wa holoselo anang'ung'udza kuti bizinesi ya pachibale ndi mutu wokhawokha, anatola makiyi ake n'kulunjika pakhomo. Atafika pakhomopo anaima. Onse anamuona akuyendetsa lilime pa mano ake akutsogolo, uku ndi uku, mosamala.

"Wabuluuyo abwere mawa monga mwa nthawi zonse," anatero osatembenuka. "Muwonjezerepo botolo limodzi la kunyumba."

Galimoto yake isanatuluke n'komwe pageti, a Chitsekerero anali atanyamula kale chigubu cha asidi, nkhalamba yonse ija, akufuula kuti, "Wilibala ili kuti? Ndinayamba ndine, ndimaliza ndine!" Antchito anathamanga kukawalanda asanathyoke msana, ndipo zigubu zonse zinayi zinakwezedwa m'galimoto ya achimwene kuti zibwerere kumene zinachokera. Achimwene anatulutsa pepala lija m'thumba n'kupatsa mlongo wawo.

"Wotcha."

"Ayi," anatero Kasupuni. Anatenga msomali ndi hamala, anakhomera pepalalo pa mtanda pamwamba pa sikelo, n'kumangirira dzino lopalika lija pamenepo ndi waya. "Likhale pompa. Tsiku lina kudzabwera wina wanzeru ngati inu, mwina mwana wanu, mwina wanga. Adzawerenge pepala, kenako agwire dzino."

"Fakitale ndi yako, chemwali," anatero achimwene, antchito onse akumva. "Ine ndinabadwa koyamba, koma iwe ndiye mwana wa m'shedi muno. Undiuze chochita."

"Mawa mubwere sikisi koloko. Tachedwa ndi masiku anayi, ndipo manja akuchepa."

Anabweradi. Lachisanu lija shedi inadzuka ngati sinaferedwe. Makina anatsokomola kawiri n'kuyamba, fungo la bulugamu linadzaza mpaka kunyumba, ndipo Kasupuni ankayenda pakati pa migolo akulamula ndi mawu amene iye mwini sankadziwa kuti ali nawo. Achimwene anapatsidwa mtengo wotakasira. Ankatakasa ngati akumenyana ndi mgolo, thovu likuwagwera m'nsapato za mu ofesi, mayi wa malebulo akuwakuwiza kuti, "Pang'onopang'ono, bwana, sakuthawani ameneyo!" Amayi anatulutsa mpando umodzi mwa yobwereka ija n'kukhala pakhomo pa shedi, akudzudzula aliyense womata lebulo mopendekera. Pofika masana lole inali itadzaza, ndipo itatuluka pageti antchito anaiperekeza ndi mluzu ndi m'manja.

Fumbi la lole litatsika, pageti panaoneka bambo wina wachikulire, wa jekete lotuwa ndi chipewa chakuda, ataima ngati sakudziwa ngati alowe kapena abwerere. Kasupuni anapita kukamulonjera, achimwene ali pambuyo akupukuta manja.

"Pepani ndi zovutazi," anatero bamboyo atavula chipewa. "Ine ndangomva lero. Ndawadikira bwana pakhomo pa dokotala wa mano kuyambira m'mawa, kenako nesi ndiye wandiuza."

"Munali ndi malemu pa chiyani, bambo?"

"Ine ndine mmodzi wa a Wofiira." Anagogoda mano ake ndi chikhadabo, ndipo analira ngati mbale. "Tinalipo khumi ndi anayi amene tinapwetekeka kwambiri. Sitinawafune ife, anatisaka okha, kufunsa m'masitolo kuti ankagula kawirikawiri ndani, mpaka kutipeza khomo ndi khomo. Ine tsiku loyamba ndinawaponyera mpando. Anabweranso mawa lake. Tsopano tatsala atatu, ndipo aliyense ali ndi tsiku lake lopita kwa dokotala. Langa ndi Lachisanu loyamba, miyezi itatu iliyonse."

Kasupuni ndi achimwene ake anayang'anana, kenako anayang'ana amayi. Amayi anapukusa mutu pang'onopang'ono. Zimenezi ngakhale iwo sankazidziwa.

"Sindinabwere kudzapempha kanthu," anapitiriza bamboyo, akutembenuzatembenuza chipewa m'manja. "Ndangoti ndipepese basi. Kwa dokotalako ndipita tsiku lina. Vuto langa ndi mpando uja. Musandiseke, ine ndayendetsa basi zaka makumi awiri ndi zisanu, m'mapiri, m'mvula, osaopa kanthu, koma mpando umene uja ukangoyamba kupendekera kumbuyo ndimanjenjemera ngati mwana. Ndiye bwana ankakhala pambali panga atandigwirira chipewachi, n'kumandifunsa za mabasi mpaka dokotala amalize. Ine pakamwa pali yasa, kuyankha osatha, iwo kumangofunsabe. Zaka zonsezi, mabasi omwewo."

Achimwene anamaliza kupukuta manja, chala chimodzichimodzi, n'kupereka kansaluko kwa mlongo wawo.

"Dokotala atseka nthawi yanji?"

"Nesi wati folo koloko."

"Ndiye tikadali ndi nthawi. Tiyeni."

Achimwene anatambasula manja onse awiri. Bamboyo anawayang'ana, anayang'ana chipewa chake, kenako anachipereka. Achimwene anachigwirizira pachifuwa mosamala kuti chisaphwanyike, ndipo awiriwo anatuluka pageti wapansi, bamboyo ali patsogolo pang'ono. Asanakhote pamphambano, Kasupuni anamva mawu a achimwene ake.

"Ndiye mabasi amenewo, bambo, pokwera phiri munkawatani?"